Momwe mungapitirizire kuyenda m'mawa uliwonse ngakhale ulesi utakugwirani

Tsiku lomwe makina oyezera BP anaonetsa 158/98 pamkono panga, adokotala anayamba ayang'ana mimba yanga asanandiyang'ane kumaso. "Bambo, kuchoka kunyumba kukafika pasiteji mumayenda mphindi zingati?" Ndinawayankha kuti ndimakwera kabaza. Anangopukusa mutu, n'kundilembera mankhwala, n'kundiuza kuti malire ndi 140/90, ndichepetse mchere ndipo ndiziyenda mwandawala mphindi 30 patsiku. Anandilimbitsa mtima kuti sindili ndekha: kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ambiri asakudziwa n'komwe.

Kuyamba sikunavute. Masabata awiri oyamba mantha a sitiroko ankandidzutsa okha alamu isanalire. Koma mantha amazilala ngati utoto wa chitenje chotchipa, ndipo likafika tsiku loti mantha atha, chidwi chatha, kunja kukuzizira, m'pamene zimadziwika ngati unakonzekera. Zomwe ndikulemba pano ndi za tsiku limenelo.

Gawo 1: Chinthu chimodzi, miyeso iwiri

Ine ndinabwera kunyumba tsiku lija nditalumbira zinthu zisanu: kuyenda, kusiya shuga, kusiya mchere wowaza pambale, kusiya mowa wa Loweruka, ndi kugona 9 koloko. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pofika sabata yachitatu kunatsala kuyenda kokha, ndipo ndikanayamba ndi kuyendako basi bwenzi nditapewa manyazi a zinayi zinazo.

WHO imati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi zosachepera mphindi 150 pasabata. Mukazigawa ndi mphindi 30 kwa masiku asanu. Umenewo ndiye muyeso wa tsiku labwino. Koma musanayambe n'komwe, khazikitsaninso muyeso wa tsiku loipa, waung'ono woti n'kuchita nawo manyazi kuukana. Wanga ndi kuchoka pageti kukafika pakiyosiki ya madzi ya kumtunda kwathu kuno ku Zingwangwa n'kubwerera, mphindi 10 zokha. Tsiku loti ndagona mochedwa, mutu ukulemera, kapena ndangodzuka ndili ndi mphwayi zopanda chifukwa, ndimadziuza kuti ndikungokafika pakiyosiki. Nthawi zambiri ndikafika pamenepo thupi limakhala latentha kale ndipo ndimapitirira. Masiku ena ndimabwereradi pomwepo, ndipo tsikulo ndimaliwerenga kuti ndayenda.

Gawo 2: Nsapato, ndi anthu ofuna ndalama zanu

Simukufunika tirakisuti. Thalauza lakale ndi juzi zikwanira. Chofunika kuwonongerapo ndalama ndi nsapato basi, chifukwa matuza a kuphazi ndi chifukwa chabwino kwambiri chogonera, ndipo ulesi sudikira kupatsidwa chifukwa kawiri.

Zanga ndinagula pakaunjika ku Limbe. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya pakaunjika inasiya kukhala ya amphawi, choncho musachite manyazi kunenerera, ndipo pitani chakumadzulo, pamene wogulitsa akuganiza zolongedza katundu. Madzulo ndi abwinonso chifukwa mapazi amakhala atatupako pang'ono, ndiye nsapato yokukwanani nthawi imeneyo siidzakuthinani panjira. Tengani sokosi zomwe muzivalira.

Peyala yanga yoyamba inali yoyera mbee, yotsukidwa bwino, dzina la kampani yotchuka lili pambali. Chikomekome cha mkuyu. Patatha masiku 9 soli inayamba kuyoyoka ngati buledi wouma, ndinabwerera kunyumba phazi limodzi likukhudza pansi. Nsapato zina zimakhala zaka zambiri m'mabelo ndipo mphira wake umafa ngakhale pamwamba pakuoneka patsopano. Ipindeni mwamphamvu pamaso pa wogulitsayo, kandani soli ndi chikhadabo, ndipo yang'anani m'mphepete ngati muli guluu watsopano. Akakana kuti muipinde, musiyireni nsapato yake.

Mawotchi otchipa owerenga masitepe aja asiyeni. Ndinaona ina ikuwerenga masitepe mwini wake atakhala phee m'minibasi, mabampu okha. Ndipo mukangouza anthu kuti muli ndi BP, mudzadabwa kuchuluka kwa ogulitsa timabotolo ndi tiyi "wosungunula mafuta", ena m'minibasi, ena pa Facebook ndi pa WhatsApp. Mmodzi anandiuza kuti ndikamwa botolo lake masabata awiri ndikhoza kutaya mapiritsi a kuchipatala. Mtengo wa botololo unkaposa wa nsapato zija.

Gawo 3: Zonse zithe usiku

Munthu amene ali m'bulangete 5 koloko m'mawa si woti n'kumufunsa maganizo. Ndiye musamusiyire chosankha chilichonse. Zovala zikhale pampando, nsapato pakhomo sokosi zili m'kati, kiyi wa geti m'thumba la thalauza, njira yoyenda yodziwika kale. Foni ikhale patali poti muchite kudzuka kuti muzimitse alamu, ndipo muitchajiretu masana, magetsi akazima usiku musadzanamizire batire. Ine ndikazimitsa alamu ndimapita kukasukusula, ndikasukusula ndimavala nsapato. Pakati pa ziwirizi sindikhala pansi pabedi, ndipo WhatsApp sinditsegula. Ndinayesapo "kungoona uthenga umodzi" ndipo ndinazindikira ana akupempha ndalama ya kabaza wa kusukulu.

Gawo 4: Pezani woti akugogodereni

Aneba anga ndi aphunzitsi opuma pantchito, amene ali ndi matenda a shuga. Tinagwirizana kuti wodzuka woyamba azigogoda pageti pa mnzake. Palibe alamu yoposa mawu a munthu wamkulu akuti, "Achimwene, tachedwatu," agalu a m'mudzi monse akuuwa. Kuyenda awiri kumathandizanso pa chitetezo, makamaka mu Juni ndi Julayi pamene dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko. Miyezi imeneyo ife timanyamuka kutayamba kuyera, foni timasiya kunyumba. Mumsewu yendani kudzanja lamanja kuti galimoto zobwera muziziona, ndipo valani chowala.

Gawo 5: Konzekerani tsiku lodumpha

Apa ndiye pomwe ndinagwera, ndipo ndikhalapo pang'ono.

Ndinali ndi kalendala ya kutchalitchi kuseri kwa chitseko, ndipo tsiku lililonse ndikabwerako ndinkathetha tsikulo ndi cholembera chofiira. Mzere wofiira unakula mpaka masiku 47 osadukiza, Lamlungu lomwe. Ndinayamba kuunyadira mzerewo kuposa kuyenda kwenikweniko. Alendo akabwera ndinkachita kutseka chitseko dala kuti aione.

Kenaka kunagwa zovuta kumudzi ku Thyolo, amalume anatisiya. Aliyense akudziwa mmene zimakhalira: kugona pasiwa, kuthamangira bokosi, kukambirana ndi akuchikazi, kudikira abale ochokera ku Joni. Ndinakhalako masiku anayi. Sungadzuke pamaliro a amalume ako n'kuvala nsapato zoyera kuti ukukawongola miyendo, anthu angakuone ngati wazungulira mutu. Ndinabwerera ku Blantyre Lachinayi usiku, n'kupeza chiperoni chitagwira mzinda wonse, nkhungu ili tolo, kamvula kowaza kosaleka, phiri la Soche losaoneka n'komwe. Lachisanu m'mawa ndinayang'ana kalendala ija, mabokosi anayi oyera pakati pa zofiira, ndipo mumtima ndinangoti zawonongeka kale. Aphunzitsi atagogoda ndinatuma mwana kuti akawauze kuti ndikadali wotopa ndi ulendo.

Loweruka ndinachita chopusa chachiwiri. Ndinawerengetsa kuti ndili ndi ngongole ya masiku asanu, maola awiri ndi theka, ndipo ndinaganiza zoibweza tsiku limodzi pokwera phiri la Soche. Kukwera kunayenda bwino. Potsika, pamiyala yonyowa ndi chiperoni chija, bondo lakumanzere linayamba kulasa, ndipo pofika kunyumba linali litatupa ngati mpira wamapepala. Sabata yathunthu ndinkatsimphina. Bondo litapola, manyazi ndiwo anatsala. Ndinayamba kuwazemba aphunzitsi, ndikawaona pagolosale ndinkakhotera njira ina. Iwo anagogoda masiku angapo kenaka anasiya, ndipo sindiwaimba mlandu. Ndinkati ndiyambiranso Lolemba, Lolemba likafika ndinkati pa 1, mpaka miyezi iwiri inatha. Mayi a kunyumba ndi amene anandidula tsiku lina akusesa, atanyamula nsapato zija: "Bambo a ana, izi ndipatse mlonda kapena zikadali ndi mwini wake?" Sabata yomweyo kusikelo ya BP manambala anali atabwerera kufupi ndi pomwe ndinayambira.

Maliro aja sanandilepheretse kanthu, ananditengera masiku anayi okha. Masiku enawo, oposa 60, anadyedwa ndi kawerengedwe kanga, koti ukadumpha kamodzi wabwerera pa ziro. Pambuyo pake ndinawerenga za kafukufuku wa Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London, wa mu 2009. Anatsatira anthu 96 amene ankayesa kuzolowera chinthu chatsopano tsiku lililonse, ndipo anapeza kuti kuti chinthu chizichitika chokha osachita kudzikakamiza, pakatikati zinkatenga masiku 66, ena 18 okha, ena mpaka 254. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunkawononga kuzolowerako. Ndiye zija mumamva zoti masiku 21 akwana musazidalire. Ine pa tsiku la 47 ndinkadziona ngati ndafika, chonsecho chizolowezicho chinali chikadali chanthete.

Panopa ndimachita zinthu zitatu. Ndikadziwa kuti ndichokapo, kaya ndi zovuta, ukwati kapena ulendo wa kuntchito, tsiku lobwerera mumsewu ndimalizunguliza pakalendala ndisananyamuke, ndipo aphunzitsi ndimawauziratu kuti, "Lachisanu mugogode ndithu, ndikakana musachoke." Tsiku lobwereralo ndimayenda za pakiyosiki zokha, ngakhale nditamva mphamvu. Ndipo masiku odumpha sindiwabweza, adapita adapita. Kuwerenga kwa mzere wosaduka ndinasiya, ndimawerenga pamwezi: ndikakwanitsa masiku 20 mwezi umenewo wayenda bwino, ndipo pa 1 tsamba limatembenuzidwa. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo pakati pa kudumphako amatera pansi kaye.

Kupita kukagogoda pageti pa aphunzitsi patatha miyezi iwiri kunandilemera kuposa phiri lija. Anatsegula atavala kale chipewa chawo cha ulusi, anandiyang'ana, n'kungoti, "Mwachira, achimwene? Tiyeni." Nkhani ya miyezi iwiriyo sanaifunse mpaka lero.

Gawo 6: Nyengo

Dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, sankhani njira ya tala kapena ya miyala, zidule za matope zisiyeni. Mvula ikakhala yamphamvu yendani madzulo poweruka, tsikani minibasi masiteji awiri musanafike kwanu, ndalama ya kabaza isungeni. Mu Okutobala ndi Novembala kumacha msanga, cha m'ma 5 koloko kwayera kale, ndiye lawirirani dzuwa lisanapse, ndipo imwani madzi.

Gawo 7: Kuyezetsa ndi mankhwala

Yezetsani BP kamodzi pamwezi, manambala muzilemba kuseri kwa kalendala yomweyo. Akatsika musasiye mapiritsi panokha, zimenezo ndi za adokotala. Malungo akakugwirani gonani, limenelo si tsiku la ulesi. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kwachilendo muli panjira, imani ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Gawo 8: Kuwonjezera china

Dikirani miyezi itatu kaye. Za mchere, WHO imati usapitirire magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa m'ndiwo ndi wa m'tchipisi ta pachiwaya. Kumeneko ndidzalemba tsiku lina, poti nanenso sindinalongosoke. Shuga wa mu tiyi ndangotsitsa kuchoka pa masupuni atatu kufika pa awiri, ndipo mayi a kunyumba akuti masupuni akewo ndi odzaza mosefukira.