Njira yotsata musanafike pa opaleshoni ya nutcracker syndrome

Munthu wa ku Mulanje akaona magazi mumkodzo, ayambe wayezetsa likodzo kuchipatala, popeza ndilo lofala kwathu kuno. Likodzo likapanda kupezeka koma ululu wa m'nthiti kumanzere ukupitirira, apemphe kalata yopita ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuti akamuunike ngati mtsempha wotulutsa magazi mu impso ya kumanzere wapanikizika pakati pa aorta (mtsempha waukulu wochokera kumtima) ndi mtsempha wopita kumatumbo, vuto lomwe limatchedwa nutcracker syndrome.

Wosakwana zaka 18 asathamangire opaleshoni, pakuti ambiri amachira akamakula ndi kunenepa. Zikakanika, dokotala amatha kusuntha mtsempha wopanikizikawo pa opaleshoni, nthawi zina ndi makina ochitira opaleshoni otchedwa da Vinci, omwe amawayendetsa yekha kudzera m'timabowo ting'onoting'ono pamimba. Makinawa alipo ku South Africa ndi ku India, choncho wodwala asunge zotsatira zonse za kuunika kuti akapite nazo.