Kusankha fomati ya vidiyo ndi kutchera maikolofoni pa camcorder

Musanadine batani lojambulira, dziwani kaye komwe vidiyoyo ikupita. Ngati ndi yoika pa YouTube kapena yotumiza msanga, sankhani MP4, chifukwa pafupifupi foni ndi kompyuta iliyonse imaitsegula. Fomati ina ya AVCHD, imene Sony ndi Panasonic anaitulutsa mu 2006, imajambula bwino pa 24 Mbps (Mbps ndi muyeso wa kuchuluka kwa deta imene kamera imalemba pa sekondi), koma mafayilo ake a .MTS amakhala m'kati mwa mafoda PRIVATE, AVCHD, BDMV ndi STREAM. Pokopera pa kompyuta tengani foda yonse ya PRIVATE. Kamera imadula chojambula chachitali m'zidutswa, popeza makhadi a SDHC, omwe sapitirira 32 GB, salola fayilo yoposa 4 GB. Mukatola zidutswazo pazokha, mawu amatha kudukiza pamalumikiziro.

Werengeraninso malo a pa khadi. Ola limodzi pa 24 Mbps limadya pafupifupi 11 GB, pa 50 Mbps ya XAVC S, fomati ina ya Sony, limadya 22 GB, ndipo 4K ya 100 Mbps imafika 45 GB. Pa 4K yotereyi gwiritsani khadi lolembedwa U3 kapena V30, zizindikiro za khadi lothamanga. Khadi lochedwa limaimitsa kujambula mwambo uli m'kati.

Kumene magetsi ndi a 50 Hz, monga ku Africa ndi ku Ulaya, jambulani pa 25p kapena 50p, kutanthauza zithunzi zathunthu 25 kapena 50 pa sekondi. Mukaika 30 kapena 60 pansi pa mababu ena, chithunzi chimathwanima. Pa 25p ikani shutter, nthawi imene chithunzi chilichonse chimalandira kuwala, pa 1/50 ya sekondi, ndipo zinthu zothamanga monga mpira zipatseni 50p. Pewani 50i, imene imajambula zithunzi za theka 50 pa sekondi, ngati vidiyoyo ikaoneredwa pa foni kapena kompyuta, chifukwa m'mphepete mwa chinthu choyenda mumatuluka timizere ngati mano a chipeso.

Mawu ndiwo amafuna chidwi chachikulu. Chithunzi chodera mutha kuchiwalitsa pokonza, koma mawu osweka sakonzeka.

Yang'anani kaye pulagi ya maikolofoni. Polowera pa 3.5 mm pa kamera pamafuna pulagi ya TRS, ya timizere takuda tiwiri. Maikolofoni yopangira foni imakhala ndi TRRS, ya timizere titatu, ndipo popanda adaputala imangokhala chete kapena kulira phokoso lokha. Maikolofoni zing'onozing'ono zambiri zimadalira mphamvu yochepa yochokera m'kameramo, yotchedwa plug-in power. Ngati yanu ilibe batire, onetsetsani kuti mphamvuyi yayatsidwa pa kamera imene ili ndi poyatsira. Pa kamera za XLR, polowera pa pulagi yaikulu ya mapini atatu, yatsani mphamvu ya +48V kwa maikolofoni ya condenser yokha, mtundu umene umafuna magetsi. Ya dynamic siifuna.

Kenako switchi ya MIC ndi LINE. Mawu ochokera pa mixer, makina osakanizira mawu, ndi amphamvu kwambiri kuposa a maikolofoni. Mukawalowetsa pa MIC amasweka ngakhale mutsitse voliyumu mpaka pansi, chifukwa amaonongekera polowera pomwepo. Ikani pa LINE, ndipo ngati kamera ilibe switchiyi, gwiritsani chingwe cha attenuator, chochepetsa mphamvu ya mawu.

Chotsani mulingo wa mawu pa Auto. Munthu akapumira kaye, kamera imakweza yokha mphamvu n'kukoka phokoso la fani ndi kulira kwa zamagetsi, ndiye akayambanso kulankhula mawu oyamba amaphulika. Ikani pa Manual, mupemphe wolankhulayo anene ziganizo zingapo mmene adzalankhulire zenizeni, osati monong'ona, mukweze mpaka mita ya mawu izigunda cha pa -12 dB. Mpata wotsalawo ndi wa kuseka ndi kufuula. Mita isafike pa 0.

Maikolofoni yabwino ikakhala kutali imagonja kwa yotchipa imene ili pafupi. Yapachifuwa ipanikizeni masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pakamwa, pomwe nsalu kapena mkanda sizikuikhudza. Ya shotgun, yaitali yokhala pamwamba pa kamera, siikoka mawu akutali monga ambiri amaganizira. Imangochepetsa a m'mbali, choncho sunthirani pafupi. Panja ivekeni chophimba chaubweya ndipo yatsani low cut, yomwe imadula kugunda kwa mphepo. Siponji yokha siikwanira pa mphepo yamphamvu.

Valani mahedifoni nthawi yonse yojambula. Mita imaonetsa kukwera kwa mawu basi, siikuuzani kuti pulagi yakhwepa. Jambulani masekondi 20, muwamvetsere, kenako muyambe ntchito.