Kusamalira msilikali amene anabwera kunkhondo akuiwalaiwala

Bambo a kwathu anali m'gulu la asilikali a Malawi osungitsa mtendere ku Beni, m'dziko la Congo, komwe anzawo 6 anaphedwa mu November 2018. Atapuma ntchito tinakhazikika kuno ku Mpondasi, ku Mangochi. Tsiku lina ndinawatuma usipa ndi tomato kumsika wa paboma. Anabwerako ndi jumbo yopanda kanthu, ndalama ili m'manja, naima pakhomo akundiyang'ana ndi manyazi. Koma za m'nkhalango ya ku Beni amakumbukira ngakhale fungo lake. Ndinkakwiya, ndinkaganiza kuti akundiderera.

Namwino wa matenda a m'maganizo ndi amene anandimasula. Munthu amene anaona zoopsa, ubongo wake umakhalabe paulonda, kumvetsera chitseko, njinga yamoto, phazi la munthu kuseri. Mawu anu salowa n'komwe, ndiye akumbukira bwanji? Achipatala amati PTSD. Pakabweranso matenda ovutika maganizo, mutu umayenda pang'onopang'ono, tulo timasowa, pomwe zimene tamva masana zimakhazikika m'mutu tikagona.

Choncho yambani ndi kalankhulidwe. Zimitsani wailesi, khalani pomwe akukuonani, osawadzidzimutsira kumbuyo. Nenani chinthu chimodzi, iwo achibwereze ndi pakamwa pawo. Ine ndimati, "Bambo, usipa wa mbale ziwiri," iwo n'kuyankha chimodzimodzi. Mawu akuti "ndinakuuzani kale" asiyeni. Amawawonjezera mantha, ndipo mantha ndi amene akutseka mutuwo.

Kenako kope laling'ono la m'thumba la malaya. Azilemba okha, inu musawalembere. Msilikali anazolowera ndondomeko, ndiye gwiritsani ntchito chizolowezicho: makiyi ndi foni pa msomali ndi pashelefu yomweyo tsiku lililonse, alamu ya pafoni ya nthawi ya mankhwala, kuyenda m'mbali mwa Shire m'mawa dzuwa lisanawawe.

Mowa ndi mdani pano. Ambiri amamwa kachasu kuti agone osalota zoopsa, koma umasokoneza tulo ndi kukumbukira komwe.

Kuchipatala pitani nawo limodzi, mutatenga buku lawo lachipatala ndi kope lija. Pa chipatala cha boma funsani namwino kapena dokotala wa matenda a m'maganizo. Zikavuta amatumiza ku Zomba Mental Hospital. Nenani ngati anavulalapo m'mutu kapena bomba linaphulikira pafupi nawo, ndipo apimidwe shuga, BP ndi HIV, chifukwa nazonso zimatha kusokoneza mutu. Mankhwala monga fluoxetine amatenga masabata angapo asanayambe kuthandiza, musawasiye panjira. Amitriptyline kwa ena amawonjezera kuwodzera ndi kuiwala. Mukaona zimenezo kauzeni dokotala, musachepetse nokha.

Akayamba kunena zoti moyo watha ntchito kapena zofuna kudzipha, musadikire tsiku la sikelo yawo. Chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu ndi zingwe, itanani wachibale akhale nawo, mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo.