Kapangidwe ka makhadi a mafuno abwino pogwiritsa ntchito zidindo, inki ndi mapepala okongoletsa

Ambiri mwa ife timadziwa chidindo ngati chida cha ku ofesi, chimene kalaliki amamenyetsa pa kalata mwamphamvu mpaka tebulo kugwedezeka. Chidindo chopangira makhadi nachonso ndi cha labala, koma sichifuna kumenyetsedwa, ndipo munthu amene wayamba ntchitoyi ndi dzanja la ku ofesi amawononga mapepala ambiri asanatulutse khadi limodzi loti n'kupatsa mnzake. Khadi limene tifotokoze pano lili ndi zigawo zitatu: pepala lolimba lopindidwa pakati, pepala lokongoletsedwa kale limene limamatidwa pamwamba pake, ndiponso kapepala koyera kamene timadindapo chithunzi ndi mawu. Timagawa chonchi chifukwa kudinda ndi kumene kumalakwika kawirikawiri, choncho ndi bwino kuti kulakwike pa kapepala kamene mungathe kutaya, osati pa khadi lenilenilo.

Yambani ndi pepala lolimba. Pepala wamba la mu pulinta limakhala la 80 gsm (gsm ndi muyezo wa kulemera kwa pepala) ndipo silingaime lokha patebulo, pamene khadi limafuna pepala la pakati pa 200 ndi 300 gsm, ndipo nambalayi imalembedwa pa paketi. Ngati lotere lasowa, pepala la manila limene aphunzitsi amalembapo matchati lingathandize, ngakhale kuti limakhala lofewerapo. Pepala limodzi la A4, lomwe ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, mukalidula pakati limatulutsa mapepala awiri a A5, ndipo lililonse mwa awiriwa mukalipinda pakati limakhala khadi la A6, la mamilimita 105 ndi 148. Muyezo umenewu ndi wabwino chifukwa umalowa mu envulopu ya C6, ya mamilimita 114 ndi 162, imene imapezeka m'masitolo ogulitsa zolembera. Musanapinde, ikani rula pakati penipeni ndipo muyendetsepo bolopeni yotha inki kawiri kapena katatu kuti pakhale kamzere kolowa. Pepala lolimba likapindidwa popanda kamzereka limathetheka pamsana, ndipo ngati ndi lamtundu, pamaoneka zoyera za m'kati mwake.

Nkhani ya inki ndi yofunika kuimvetsa musanagule chilichonse. Inki ya dye ndi yamadzimadzi, imalowa m'pepala ndipo imauma m'kanthawi kochepa, n'chifukwa chake ndi yoyenera kwa amene akuphunzira kumene. Vuto lake ndi lakuti yambiri imasungunuka ikakhudzidwa ndi madzi ndipo imasuluka khadi likakhalitsa poyera dzuwa. Inki ya pigment ndi yokhuthala, imakhala pamwamba pa pepala, mtundu wake umawala bwino ngakhale pa pepala lakuda, koma imachedwa kuuma kotero kuti chala chimodzi chopupuluma chimawononga ntchito yonse. Chimene chikuyenera kukutsogolerani posankha ndi chimene mudzakongoletsere chithunzicho mukachidinda. Mapensulo amitundu amayenda ndi inki iliyonse imene yauma. Ngati mudzapaka penti wosungunula ndi madzi, dindani ndi inki yosalowa madzi monga Archival ya kampani ya Ranger kapena StazOn. Ngati mudzagwiritsa ntchito zolembera zokhala ndi spiriti monga Copic, pewani StazOn chifukwa spiriti amaisungunula, m'malo mwake dindani ndi inki yotchedwa Memento. Padi ya inki ya ku ofesi, ija ya pepo kapena yabuluu, ingakuthandizeni poyeserera, koma pa zithunzi zokhala ndi timizere ting'onoting'ono imakonda kufalikira. Kwa amene ndalama zake zikungokwana padi imodzi, ine ndingalangize yakuda, chifukwa mitundu ina yonse ingathe kubwera ndi mapensulo komanso mapepala.

Tsopano kudinda kwenikweniko. Yalani magazini yakale kapena mapepala angapo pansi pa kapepala kanu kuti pakhale pofewa pang'ono, chifukwa pa thabwa louma labala sagwira pepala mofanana paliponse. Gonekani chidindo chagada, kenako tengani padi n'kumaigunditsa pang'onopang'ono pamwamba pake maulendo angapo. Musakanikize chidindo m'padi ngati mukufinya, chifukwa inki imadzaza m'mipata ya pakati pa mizere ndi m'mphepete mwa labala, ndipo zonsezo zimakatuluka pa pepala. Yang'anani chidindocho poyera kuti muone ngati mbali zonse zikunyezimira. Mukakhutira, chitsitseni molunjika pa pepala, chigwireni ndi dzanja limodzi kuti chisasunthe, ndipo ndi zala za dzanja linalo mukanikize pakati ndi m'makona onse, kenako muchinyamule molunjikanso. Kuchigwedezera uku ndi uku, kumene ambiri amachita poganiza kuti inki igwira bwino, ndi kumene kumabweretsa mizere iwiriiwiri ndi mawu osawerengeka. Ngati chidindo chili chachikulu, imirirani podinda kuti thupi lanu lithandize kulemera.

Zidindo zogula zilipo za mitundu iwiri: za labala zomatidwa pa kathabwa, ndi zoonekera ngati galasi zimene mumadzimatira nokha pa kachidutswa ka pulasitiki yolimba n'kumatulanso mukamaliza. Zoonekerazi zili ndi ubwino wakuti mumaona pamene mukudinda, koma zikakhala zatsopano inki imachita timadontho pamwamba pake. Zikwecheni pang'ono ndi chofufutira choyera, muzipukute, ndipo mudinde kangapo pa pepala lotaya musanapite pa kapepala kenikeni. Kuyesa pa pepala lotaya ndi lamulo pa chidindo chilichonse, chatsopano kapena chakale.

Pali chinthu chimodzi chimene zidindo zogula sizidzakupatsani, ndicho mawu a Chichewa, pakuti pafupifupi zonse zimabwera ndi mawu a Chingerezi. Amene akufuna kuti khadi lake linene kuti "Zikomo", "Pepani" kapena "Mafuno abwino" angathe kudzisemera chidindo pa chofufutira chachikulu choyera, chija ana asukulu amati labala. Lembani mawuwo pa pepala ndi pensulo yofewa monga 2B, malemba ake akhale onenepa, kenako vundikirani pepalalo pa chofufutira n'kukwecha kumbuyo kwake ndi chikhadabo. Mawuwo adzatsalira pa chofufutiracho atatembenuka, ndipo umo ndi mmene ayenera kukhalira, chifukwa chidindo chimatulutsa zinthu motembenuza ngati galasi loyang'anira. Mukalemba mwachindunji pa chofufutira, Z ndi K zidzatuluka zitayang'ana kumbuyo. Semani ndi kampeni kakuthwa kodulira mapepala, kuchotsa zonse zozungulira malembawo n'kusiya malemba okha atatukuka. Mpeniwo upendekere kunja kwa lemba kuti tsinde lake likhale lotakata, apo ayi lemba lopyapyala ngati I limathothoka mukangodinda kangapo. Yambani ndi mawu afupiafupi kapena chithunzi chosavuta monga tsamba, ndipo zala zikhale kumbuyo kwa mpeni nthawi zonse.

Mapepala okongoletsa opangidwira ntchito imeneyi amagulitsidwa a mainchesi 12 mbali zonse, omwe ndi masentimita pafupifupi 30, komanso a mainchesi 6. Pa khadi la A6 ang'onoang'onowa ndi amene amayenera, chifukwa maluwa ake amakhalanso ang'onoang'ono. Koma si koyenera kudikira mapepala ogula: pepala lokulungira mphatso, kalendala yakale, ngakhale m'kati mwa maenvulopu aja okhala ndi timizere tabuluu, zonsezi zimagwira ntchito. Tinsalu ta chitenje totsala kwa telala timakongolanso kwambiri, bola muyambe mwatisita n'kutimata pa pepala lopyapyala kuti tisayoyoke podula. Chovuta pano si kupeza pepala koma kudziletsa. Ngati pepala lili ndi maluwa ochuluka, chodindacho chikhale mawu okha kapena chithunzi chimodzi chosachulukitsa, ndipo ngati chithunzi chodinda chili chodzaza, pepala likhale la timadontho kapena timizere tosaonekera patali. Ziwirizi zikamalimbirana diso, khadi limaoneka ngati munthu wovala malaya amaluwa pa chitenje cha maluwa ena. Pokongoletsa chithunzi, tengani mitundu iwiri kapena itatu imene ili kale pa pepala lokongoletsalo.

Dulani pepala lokongoletsa kuti likhale mamilimita 99 ndi 142, kuti mukaliika pakati pasiyike malire a mamilimita 3 mbali zonse. Kapepala kodindidwa kadulidwe mutadinda kale, osati musanadinde, chifukwa n'kosavuta kudula mozungulira chithunzi kusiyana ndi kulunjikitsa chidindo pakati pa kapepala kakang'ono. Ngati kapepala koyerako kakusowa pakati pa maluwa, kamateni kaye pa pepala la mtundu umodzi lokulirapo pang'ono kuti kakhale ndi mpendero. Sanjani zonse pa khadi musanapake guluu, musunthesunthe mpaka maso akhutire, ndipo muonetsetse kuti msana wa khadilo uli kumanzere, pakuti kumata mozondotsa kumachitika ngakhale kwa ozolowera. Tepi yomata mbali zonse ziwiri ndi yabwino koposa, guluu wopaka ngati sopo amatsatira, pamene guluu wamadzi amakwinyitsa pepala lopyapyala pokhapokha mutapaka wochepa kwambiri m'mphepete.

Mukamaliza, pukutani zidindo ndi kansalu konyowa inki isanaumirepo, ndipo muzisunge kutali ndi dzuwa chifukwa labala amauma n'kung'aluka, pamene zoonekera zija zimasanduka zachikasu. Spiriti musaziyandikizitse. Mapadi a inki ya dye atsekedwe bwino n'kusungidwa chovundikira kuti inki ikhale pamwamba.

Ngati mukupanga makhadi ambiri, monga a Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala kapena a Khirisimasi, musamalize limodzilimodzi. Dulani onse, pindani onse, dindani onse, ndipo mudinde angapo oonjezera chifukwa ena adzalakwika. A Khirisimasi amafuna kuyambidwa msanga, chifukwa chinyezi cha nthawi ya dzinja chimachedwetsa inki ya pigment kuuma ndipo chimapinditsa mapepala. Makhadi omatidwa agone usiku umodzi pansi pa buku lolemera, pakati pake mutaika mapepala oyera kuti asadetsane. Ngati khadi ndi la pepala lakuda kapena lofiira, matani kapepala koyera m'kati kolembapo uthenga, ndipo uthengawo muulembe kapepalako musanakamate.