Mmene mungagwirire chikhulupiriro pamene zinthu zathina ndipo amphamvu akukuponderezani

Madzi aja atasefukira kuno ku Nkhotakota kumayambiriro kwa 2024, mpunga wa achimwene anga unapita onse, ndiye ngati sizinakwane kunabwera munthu wina wandalama ndi mapepala ake akuti dimba lomwelo ndi lake. Mlandu unayenda miyezi, ife kumangouzidwa kuti mubwerenso sabata ya mawa, thiransipoti ikuthera mu kabaza. Zomwe ndilembe apazi ndi zomwe zinatithandiza kuti tisamusiye Mulungu nthawi imeneyo.

Choyamba lekani kunamizira popemphera. Ambirife timagwada nkuyamba "Atate tikuthokozeni" pomwe mumtima muli moto. Tsegulani Habakuku chaputala 1, mneneri akufunsa Mulungu kuti ndidzafuula mpaka liti inu osamva, bwanji mukungoyang'ana oipa akumeza olungama. Munthu yemweyo ndi amene kumapeto kwa chaputala 3 akuti ngakhale mkuyu usaphuke, m'minda mulibe chakudya, m'khola mulibe ng'ombe, ndidzakondwerabe mwa Yehova. Koma wafika kumeneko atadandaula kaye. Inunso nenani, tchulani dzina la vutolo, ngongole ya kubanki mkhonde, feteleza amene mtengo wake unathawa kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonsezo.

Kenako, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani, mangani mfundo zinthu zisanafike povuta kuti ichi ndi ichi sindichita. Achimwene anauzidwa njira ziwiri. Ina inali yoti akaperekeko kangachepe kwa winawake kuti fayilo iyende, ina yoti apite kwa sing'anga akatenge mankhwala a mlandu otafuna polowa mu khoti. Amene amanena izi ndi abale athu enieni eti, ena amayimba nawo kwaya. Chinawapulumutsa achimwenewo nchakuti anali atakana kale mumtima asanafunsidwe. Mukawerenga Danieli 3, Sadrake, Mesake ndi Abedinego akuuza Nebukadinezara kuti Mulungu wathu akhoza kutilanditsa ku ng'anjo, koma akapanda kutero sitigwadirabe fano lanulo. Mawu akuti akapanda kutero amenewo muwaloweze. Munthu amene akukhulupirira pokhapokha Mulungu akamupatsa zomwe akufuna, tsiku loyamba lomwe yankho lachedwa amakhala ali kale pakhomo pa sing'anga.

Muchenjerenso ndi aneneri ogulitsa madzi ndi mafuta odzoza, aja amati ufese mbewu ya 50 sauzande mlandu utha Lachisanu. Ine ndiye amandinyansa, ndisaname. Ndalamayo kaguleni ufa.

Wina anena kuti ndiye tingokhala chete poti Aroma 13 akuti tizimvera olamulira? Ayi. Baibulo lomwelo pa Machitidwe 5:29 Petro akuuza akuluakulu kuti tiyenera kumvera Mulungu koposa anthu. Kumbukirani pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi, nthawi yomwe kungodzudzula Kamuzu kumakutengera kundende. Anaopsezedwa, Monsignor John Roche anathamangitsidwa m'dziko muno, koma pa 14 Juni 1993 anthu anavotera matipate. Ndiye pitani kwa amfumu, sungani malisiti ndi mapepala mu jumbo asanyowe, itanani mboni zomwe zinaona agogo anu akulima pamalopo, yankhulani zoona mwaulemu osatukwana. Kudalira Mulungu sikukuletsani kukwera minibasi kupita ku boma.

Mukafika kubomako mukhale ndi kanthawi mukaime pansi pa mtengo uja David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe. Nthawi imeneyo Jumbe ndiye anali chilichonse kuno, mfuti zake, zombo zake zikuwolotsa akapolo panyanja kupita ku Kilwa, ndani akanamuletsa? Lero ana asukulu amangomuwerenga kuti akhoze mayeso. Koma musathamangire kuti basi okhulupirira zimawayendera, chifukwa mu tchalitchi cha All Saints chapomwepo muli manda a Bishopu Chauncy Maples amene anamira m'nyanja yomweyi mu 1895, atangodzozedwa kumene, ntchito ya ubishopuyo asanaiyambe nkomwe. Ine zimenezi sindizimvetsa mpaka pano, ndipo amene angakuuzeni kuti amadziwa chifukwa chake chilichonse chimachitika akukunamizani.

China chaching'ono koma chofunika, musadzitsekere m'nyumba. Mavuto amabweretsa manyazi, umayamba kujomba ku mapemphero a pakati pa sabata poopa mafunso. Pitani basi. Alamu anga anasiya kupita ku chigwirizano mwezi wathunthu, amayi anzawo anabwera okha Lachinayi ndi beseni la ufa wa kondowole ndi usipa pang'ono, anakhala pamkeka nkuyimba nyimbo ziwiri, za mlandu sanafunse nkomwe. Madzulo ake ndi pomwe ndinamva alamuwo akuseka koyamba.

Za dimba lija sizinathebe, tsiku la mlandu analisunthanso. Achimwene anabwereka kamalo kwa amalume kumtunda, adzalapo chinangwa, ndipo Lachiwiri likubwerali tikupitanso ndi jumbo yathu ya mapepala.