Kuyeza liwiro ndi torque ya mota yakale

Achimwene a ku Kawale, mwafunsa ngati mota ya 1.5 kW yomwe mwagula pa Malangalanga ikadali ndi mphamvu.

Yambani ndi liwiro. Matani kapepala konyezimira pa shafti, mulozetse tachometer, kachipangizo koyezera liwiro la kuzungulira. Magetsi a ESCOM ndi a 50 Hz, ndiye mota ya mapolo (nsonga za maginito) 4 ikamazungulira yokha iyandikire 1500 rpm (kuzungulira ka 1500 pa mphindi imodzi).

Torque, mphamvu yopotokola shafti, ndiye imafuna kudekha. Panani pulley (gudumu la lamba la pa shafti) ndi timatabwa tiwiri tomanga ndi mabawuti, mumangirire ndodo yopingasa ya mita imodzi, nsonga yake izikoka sikelo yolendewera, ngati ya ogula chimanga ija. Chotserani kulemera kwa ndodoyo. Mota ikuzungulira, limbitsani mabawuti pang'onopang'ono, mukulemba makilo ndi rpm. Makilo kuchulukitsa ndi 9.81 ndiwo ma Nm, muyeso wa torque. Mota yabwino iwonetse pafupifupi kilo imodzi cha pa 1450 rpm.

Timatabwa tikayamba kufuka, zimitsani msanga.