Kugwira ntchito motalikirana pa nthawi ya mavuto: mmene tinachitira ku Dedza

Ndimayang'anira alangizi 5 m'kabungwe kathu kothandiza alimi a mbatata ya kachewere. Ine ndimakhala pa boma, iwo ali ku Lobi, Mayani, Linthipe, Bembeke ndi Mtakataka, pomwe wosunga mabuku a ndalama amakhala ku Lilongwe. Kale tinkakumana mwezi ndi mwezi. Koma mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, magetsi n'kuyamba kuzima tsiku lonse. Mu Meyi kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, kenako petulo anayamba kusowa. Njinga zamoto zinaima, ofesi yathu n'kusanduka gulu la pa WhatsApp.

Choyamba, mnzanu akakhala chete musathamangire kuti ndi ulesi. Ine ndinalakwa pomwepa. Mnyamata wathu wa ku Lobi anatha masiku awiri osayankha, ine n'kulemba pagulu kuti ena akudya malipiro aulere. Tsiku lachitatu anandiimbira ali pa shopu ya munthu wometa tsitsi, pomwe anakatchajitsa foni pa sola atayenda wapansi, ndipo mwana wake anali atagonekedwa kuchipatala ndi malungo. Mawu anga aja aliyense anali atawerenga kale, kufufuta kunalibenso ntchito. Kuyambira pamenepo tinagwirizana kuti munthu akasowa tsiku lathunthu, ndimamuimbira payekha, ndipo foni ikapanda kupezeka ndimaimbira mkazi wake kapena tcheyamani wa kalabu ya alimi kumeneko. Nambala zimenezi zisonkhanitseni mavuto asanafike. Kudzudzula kukhale pafoni ya awiri, pagulu pazipita zoyamikira.

Funsani aliyense nthawi ndi malo omwe netiweki imagwira. Mudzadabwa. Wa ku Mayani amapeza netiweki akakwera pachulu kuseri kwa nyumba, ndiye msonkhano wa 7 koloko m'mawa mu Juni, ndi chisanu cha kuno chija, ndi chilango. Tinausuntha kukhala 11 koloko Lolemba, osapitirira mphindi 20.

Bandulo muziwagulira nokha kumayambiriro kwa mwezi, pa Airtel Money kapena Mpamba, asanapemphe. Munthu wamkulu wa ana ake sangalembe pagulu kuti alibe ya bandulo, amangozimitsa data n'kukhala phee. Za Zoom ndi vidiyo ziiwaleni, zimatha bandulo ndi batire. Mawu ojambula a mphindi imodzi amakwanira, ndipo lipoti lolembedwa m'kope lijambulidwe chithunzi chimodzi chooneka bwino, osati khumi zamdima. Ngati ndalama ikulola, gulirani aliyense kasola kakang'ono kotchajira foni. Ife tinachita mochedwa.

Gulu likhale pawiri, la ntchito ndi la macheza. Pa la macheza m'pomwe pamapita za mpira, zithunzi za mbewu kumunda, za chinkhoswe, komanso uthenga wa maliro. Maliro musawapeputse. Mayi athu a ku Mtakataka atataya mchimwene wawo, palibe anakwanitsa kutsika phiri chifukwa cha petulo. Tinasonkha chipepeso pafoni, wosunga mabuku n'kutumiza pamodzi m'dzina la tonse, osatchula kuti uje wapereka zingati. Aliyense anawaimbira payekha tsiku lomwelo, ndipo kwa sabata yonse palibe anawafunsa za lipoti. Chimene sindilola ngakhale pa gulu la macheza ndi mauthenga ongotumizirana opanda mwini. Kolera atavuta kumapeto kwa 2022, wina anatumiza za mankhwala ochiza kolera tsiku limodzi. Ndinamupempha kumbali kuti achotse, n'kuikapo uthenga wa a zaumoyo wothira kolorini m'madzi ndi kuthamangira kuchipatala.

Nkhani ya malipiro nenani zoona. Ngati achedwa, auzeni lisanafike tsikulo, muwauzenso chifukwa chake ndi tsiku lomwe mukuyembekezera. Anthu otalikirana akapanda kumva kwa inu amayamba kuimbirana okha, ndipo pofika madzulo nkhani imakhala yoti bungwe likutsekedwa.

Pomaliza, usiku ndi Lamulungu siyani anthu apume. Ine magetsi ankabwera cha m'ma 10 koloko usiku, ndiye ndinkatumiza zonse zimene ndasunga tsikulo. Wa ku Bembeke anandiuza mwaulemu kuti, "Madamu, foni yanu ikulira ana atagona." Tsopano ndimalemba n'kusunga, ndimatumiza m'mawa.

Petulo atapezekako, ndalama yoyamba sitinaiwononge pa ulendo wa kumunda. Tinakumana tonse pa Chimbiya, tinadya tchipisi ndi nyama ya mbuzi yowotcha titaimirira m'mbali mwa M1, ndipo za malipoti tinakambirana pafoni Lolemba lotsatira.